Galimoto Yobiriwira

Mkazi mnzanga anafika pakhomo pathu ku Tottenham Loweruka lina masana, akukokedwa ndi chingwe kumbuyo kwa lole. Ndimamutcha choncho mpaka lero ngakhale anali galimoto, chifukwa kuyambira tsiku limenelo amuna anga anayamba kugawa masiku awo ngati munthu wa mitala. Ine ndinali pazenera ndikusita yunifolomu ya kuntchito. Ndinangoona chinthu chachitali, chodyeka ndi dzimbiri, tayala limodzi litaphwa, pagalasi lakumbuyo atamatapo katoni. M'kati munali amuna anga atagwira chiwongolero, mano onse ali pamtunda.

Ndinatuluka nsapato ili kuphazi limodzi.

"Bambo, chimenechi n'chiyani?"

"Mayi, simukuizindikira? Tayang'anitsitsani."

Ndinaizindikira, ndipo n'chifukwa chake ndinapsa mtima.

Kwathu ku Malawi, dziko litangolandira ufulu, amuna anga anali mlangizi wa zaulimi m'boma, ndipo tinali ndi galimoto ya mtundu womwewo. Magalimoto amenewa ankapangidwa ku Australia, dziko la fumbi ndi maulendo aatali, kumene amayendanso kumanzere kwa msewu ngati kwathu. Choncho ankangowakweza pa sitima n'kubwera nawo kumaiko athu osasintha kalikonse. Mimba yake inali pamwamba, sinkakhula pansi ngakhale msewu ukumbike chotani. Magiya anali pachiwongolero, ndiye mpando wakutsogolo unali benchi imodzi yokwana anthu atatu. Kumbuyo kunali kwakutali, kokhala ndi chitseko chakechake. Kumeneko kunalowa matumba a mtedza, amayi opita kukachira, theka la kwaya ya kutchalitchi, ngakhale mbuzi. Kutsogolo kunkakhala amuna okhaokha, kaya amalume, kaya mkulu wa mpingo, kaya mphunzitsi amene tamupeza panjira. Ine mwini wake ndinkakhala kumbuyo pamodzi ndi nkhuku.

Zinthu zitavuta m'boma, anzawo a amuna anga atayamba kutengedwa mmodzimmodzi, tinanyamuka ngati anthu opita kukazonda matenda ku Mchinji. Galimoto tinaisiya pansi pa mtengo wa mango kwa achimwene anga, kufupi ndi malire, n'kuwoloka wapansi kulowa m'Zambia, mwana wathu wamkazi ali kumsana. Amuna anga anatseka magalasi onse bwinobwino kuti fumbi lisalowe, n'kuwauza achimwene kuti tibwera mvula isanagwe. Pambuyo pake tinamva kuti anabwera anthu n'kuitenga. Sitinaionenso, ndipo dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba mwathu.

Ku London munthu uja amene alimi ankamuvulira chipewa anakhala kondakitala wa basi, ine n'kumasamalira odwala m'chipatala. Kwa eni kulibe mkuwe. Amuna anga sankadandaula, koma anachepa mawu. Akaweruka ankakhala pampando n'kumayang'ana khoma, ndipo ine ndinkachita mantha ndi chete ameneyo kuposa ndewu.

Mkazi mnzangayo amuna anga anamuona iwo ali pantchito, basi itaima pafupi ndi mlatho wa sitima, atatayidwa kuseri kwa mpanda wa ogulitsa zitsulo zakale. Magalimoto a ku Australia anabwerako ochepa ku England, koma eni dziko sanawakonde. Ankati ngaakulu kwambiri m'timisewu tawo, komanso amamwa petulo ngati ali ndi ludzu la m'chilimwe. Petulo atakwera mtengo, ambiri anangowasiya, ndipo mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu unamaliza ntchito. Apa n'kuti zaka za m'ma 1970 zikupita kumapeto.

"Mwagula maliro," ndinawauza. "Ine musandiitane. Sindidzagwirako ngakhale ndi chala."

"Chabwino, mayi," anatero mofatsa, uku akupukuta chiwongolero ndi mpango wawo wa kutchalitchi.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali mzere wa timagalaja, ndipo anapezako imodzi. Galimotoyo inali yaitali kuposa galaja, moti mchira unkatsala panja, chitseko osatsekeka. Amene anabwera kudzawathandiza anali mnzathu wa kutchalitchi wochokera ku Lusaka, makaniko amene ankagwira ntchito ku Wembley. Anaizungulira, anatosa chitseko ndi chala, chala n'kulowa.

"Ba mudala, iyi motoka inafa kudala. Manje mufuna nichite bwanji, niipempherere?"

Koma atatsegula boneti anandiyang'ana ine.

"Ba mulamu, injini iyi siinafe. Izi ni zija zosamvera."

Ntchito inatenga zaka. Loweruka lililonse ankadula chitsulo chowola, makaniko n'kuwotcherera chatsopano, amuna anga n'kumakhula mpaka zala kutuluka matuza. Vuto lalikulu linali zipangizo, chifukwa m'masitolo a kuno munalibe. Koma masiku amenewo mu London munadzaza anyamata ndi atsikana a ku Australia ogwira ntchito m'malo omwera mowa, ndipo amuna anga anaphunzira kuwazindikira ndi kalankhulidwe. Wina akangoti apereke ndalama ya basi, iwo ankayambitsa macheza. Ambiri ankaseka, ponena kuti bambo awo anali ndi galimoto yomweyo, ndipo kwawo inali ya aliyense, mlimi ndi wapolisi yemwe. Mtsikana wina anapita kwawo kutchuthi n'kubwera ndi galasi la nyali yakumbuyo atalikulunga m'sokosi. Amuna anga analiika patebulo podyera sabata yathunthu, ife n'kumadyera pambali.

Ndinawafunsa tsiku lina chimene ankaikondera chonchi, pomwe magalimoto atsopano anali mbwee mumsewu. Anandikokera kuboneti.

"Taonani, mayi. Injini iyi, pansi apo mukupaona. Palibe chobisika. Chikavuta umachiona, umachigwira, umachikonza. Ndi zinthu zingati m'moyo wathu uno zimene ndingakonze ndi manja?"

Madzulo ake ndinatulutsa makina anga osokera n'kukayeza benchi yakutsogolo ija. Walira mvula walira matope: amene anafuna kuti mwamuna wake ayambenso kulankhula ndinali ine. Amuna anga anali atayambiranso kuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi akamasamba. Anzathu othawa kwawo ngati ife anayamba kusonkhana kugalajako Loweruka, atavala majekete m'chisanu, aliyense akukumbukira msewu wake. Uyu ankasimba za matope a ku Kasungu, uyo za chitunda cha ku Dedza, ndipo aliyense anali ndi amalume amene anali ndi galimoto yotere. Ine ndinkawapititsira tiyi ndikung'ung'udza. Nsanje ndinachita, sindikana, koma kenaka mkazi mnzangayo ndinamukonda.

Titalowa zaka za m'ma 1980, injini inali ikulira, mabuleki akugwira, mipando itavala. Ndi nthawi yomweyo pamene ndinayamba kuona zina. Amuna anga ankasankha sipanala poipapasa ndi chala, osati poiyang'ana. Nati ya bawuti ikagwa ankaifunafuna ndi chikhatho ili pamaso pawo pomwe. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, n'kunamizira kuti ndasuntha tebulo. Ine ndimagwira ntchito m'chipatala, sindinafunike kuuzidwa. Matenda a shuga anali nawo kalekale, ndipo tsopano anali atafika m'maso.

Dokotala sanabise. Diso lamanja linali litatha, lamanzere linali kutsatira, ndipo tsiku lake palibe akanalidziwa. Ntchito ya basi inathera pomwepo, layisensi yoyendetsera n'kubweza. Pobwerera kunyumba, tikukwera masitepe potuluka m'sitima ya pansi panthaka, amuna anga anandigwira mkono.

"Kuyendetsa ndasiya, mayi, ndavomera. Chimodzi chokha ndikupempha. Ndiione itavala utoto wake maso asanatseke."

Kuyambira tsiku limenelo tonse m'nyumba tinali pa liwiro ndi diso lamanzere lija. Ine, ndi imvi zanga, ndinayamba kuphunzira kuyendetsa, chifukwa galimoto yopanda dalaivala ndi khola la nkhunda. Magiya a pachiwongolero anandiphunzitsa iwo eni m'galaja injini ili yozima, dzanja lawo pamwamba pa langa. Mayeso ndinalephera kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndinkabwera ndikutukwana woyesayo, koma pamapeto pake ndinakhoza.

Chotsala chinali utoto. Makaniko uja anapeza mzungu wina wodziwa kupopera utoto ku Wembley, ndipo anakokera galimoto kumeneko. Tsiku losankha mtundu ine ndinali pantchito, amuna anga anali atangochokera kuchipatala, diso litamatidwa, atawaletsa kutuluka. Ndiye anatuma mwana wathu, yemwe uja anawoloka malire ali kumsana, amene panthawiyi anali ku koleji. Mwanayu Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi ngati anzake onse okulira kuno.

"Ukawauze kuti wobiriwira, mama. Ngati ija ya kwathu."

"Yes, Dad. Wobiriwira. I know."

Ankadziwadi, koma ankadziwa theka. Akuluakulu a kwathu akati chinthu n'chobiriwira, akhoza kunena msipu wa m'dambo, akhozanso kunena thambo mvula ikakata. Mawu ndi amodzi. Amuna anga analeredwa m'Chichewa chimenecho, ndipo mawu oti buluu ankawakana, ati buluu ndi uja amathira m'madzi pochapa malaya oyera. Galimoto yathu ya ku Malawi inali ya mtundu wa thambo, thambo la m'mawa mwezi wa June lopanda kamtambo. Koma mwanayo mawuwa anawaphunzira pomutuma kumsika kukagula tsabola wobiriwira ndi nthochi zobiriwira. Chithunzi chimodzi chokha cha galimoto ija chimene tinathawa nacho chinali chakuda ndi choyera. Makaniko naye anali asanaione, ndipo mtembo tinagulawo poyamba unali woyera. Panalibe woti n'kumubweza.

Inabwera Loweruka m'mawa, makaniko akuliza hutala kuyambira kumphambano. Ndinayamba kutuluka ndine, mwana ali pambuyo panga. Inali yokongola, zimenezo sinditsutsa. Inkanyezimira moti nyumba zonse za mumsewu wathu zinkaoneka m'zitseko zake. Koma inali ya mtundu wa masamba a tiyi.

Ndinatembenukira mwana.

"Iwe! Ichi n'chiyani?"

"Green, Mum. Dad anati wobiriwira."

"Wobiriwira wa thambo, mwana iwe! Wa kumwamba! Bambo ako akhula chitsulo chimenechi zaka zonsezi kuti uwabweretsere nkhwani?"

Ndinkayesa kunong'ona, koma kunong'ona kwanga anthu amakumva kutsidya kwa msewu. Mwana anandiyang'ana.

"How was I to know? Simunandiuze. Palibe amandiuza za kwanu, mumangokhala chete."

Misozi inayamba kutsika. Makaniko anavula chipewa n'kumakanda m'mutu.

"Ba mulamu, tingapente futi. Koma utoto ufunika uume bwino, na uja muzungu ali na ntchito zambiri. Ni mwezi, olo iwiri."

Mwezi umenewo sitinali otsimikiza kuti tili nawo. Madzi akatayika sawoleka. Ndisanaganize chochita, chitseko cha nyumba chinatseguka.

Amuna anga anatuluka atavala suti yawo ya pa Sabata ndi tayi, nsapato atapolisha, ngati akukalandira mlendo wolemekezeka. Anakana kuti tiwagwire dzanja. Anatsika masitepe okha, n'kufika pa nyali yakutsogolo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono chikhatho chili pagalimoto, kudutsa zitseko mpaka kumchira, kumene anaima n'kusisita galasi lija linabwera m'sokosi. Kenaka anawerama, n'kuyandikitsa diso lamanzere pafupi kwambiri ndi denga, mpweya wawo n'kuchita nthunzi pautoto. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Mayi," anatero asanadzuke, "inu ija munaiona. Tandiuzani. Ndi yobiriwira?"

Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndi yobiriwira, bambo."

"Yobiriwira ndithu?"

"Ndithu."

Sindinaname. Chichewa cha amayi awo chomwecho chimene chinatiponya m'dzenje ndi chimene chinatitulutsa. Anaweramuka n'kutambasula dzanja.

"Bwera kuno, mama. Wagwira ntchito. Zikomo."

Mwana anawagwera pachifuwa n'kulira mokweza, iwo n'kumamusisita kumsana. Ine mtima unandiwawa kuposa poyamba. Ngati munthu wayandikira chonchija osaona kuti utoto ngwolakwika, ndiye kuti tachedwa, diso latseka kale. Chinthu chimodzi chimene anapempha sanachilandire, ndipo ndinalowa m'nyumba kukalira ndekha kubafa, mpopi nditautsegula.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi anati tipite ku Greenwich, kupaki ya paphiri ija. Ndinakhala pachiwongolero, mwana pakati, iwo kuzenera, tonse atatu pabenchi imodzi. Kanali koyamba m'moyo wanga kuyenda ulendo ndili kutsogolo kwa galimoto ya mtundu umenewu. Galimotoyo inali yotakata, timisewu n'topapatiza, a matakisi ankandiimbira mahutala, ine n'kumawayankha m'Chichewa choti m'tchalitchi sichingalowe. Amuna anga ankayendetsa ndi makutu.

"Giya yachitatu, mayi. Simukumva ikudandaula?"

"Bambo, dalaivala akhale mmodzi."

M'ngalande ya pansi pa mtsinje anatsitsa galasi kuti amve bwino kulira kwa injini, n'kumagwedeza mutu ngati akumvera kwaya.

Tinaimika pamwamba pa phiri. Mwana anapita kukagula ayisikilimu, ife n'kutsala titatsamira boneti yofunda. Kutsogolo kwathu udzu unatsetsereka mpaka kumunsi, ana akugubuduzika.

"Mwanayo musamukalipirenso," anatero.

"Ndamukalipira liti?"

"Mayi, shuga ali m'maso. M'makutu sanafike."

Ndinachita manyazi, kenaka ndinapsa mtima chifukwa cha manyaziwo.

"Ndiye munamva zonse, n'kumandifunsa dala pamaso pa anthu?"

"Ndinamva. Ndinaonanso." Analoza diso lamanzere. "Muno mukadali kazenera kakang'ono pambali. Ndikayandikira ndimaona. Ndi ya masamba, yokongola kwambiri."

Ndinawagwira mkono ndi manja awiri, osasamala za azungu odutsa.

"Mwaiona? Mwaionadi?"

"Ndaiona, mayi. Zitseko, denga, ndi mipando yanu ija mumati simudzaigwira."

"Nanga bwanji osanena? Tikhoza kupentanso. Makaniko wati mwezi umodzi kapena iwiri."

Anapukusa mutu.

"Ija inali ya thambo la kwathu, ndipo inatsala komweko pansi pa mango. Mwanayu thambo limenelo salidziwa. Tinamunyamula asanaphunzire kuyang'ana kumwamba, ndiye tinamulera osamuuza kanthu. Wakulira kuno kumene chobiriwira ndi udzu uwu. Ndinamutuma, wapita, wabweretsa chobiriwira chimene akuchidziwa. Ndichibweze? Isiyeni choncho. Ine ndaona galimoto imene mwana wanga wandisankhira."

Mwana anabwera ayisikilimu akumusungunukira m'manja, n'kutipeza tonse awiri tikupukuta m'maso. Ndinamuuza kuti ndi mphepo ya paphiri.

Kazenera kaja kanatseka chisanu cha chaka chomwecho chisanafike pachimake. Utoto sitinasinthe. Pa Sabata paliponse tinkatuluka atatu pabenchi yathu, ndipo popeza ine maso ankakhala pamsewu, ntchito yowauza zimene tikudutsa inali ya mwana. Iwo anaika lamulo loti m'galimoto imeneyi Chingerezi sachimva. Mwana anayamba kuyankha m'Chichewa chopindikapindika, iwo n'kumamuwongola, n'kumamusimbira za Kasungu, za achimwene anga a ku Mchinji, za mbuzi imene inadya mpando wakumbuyo, nkhani zimene m'nyumba mwathu zinali zisanamvekepo.

Tsiku lina chisanu chitatha, mvula itangokata, tinali pamsewu wopita ku Wembley kukaona makaniko uja. Amuna anga anatsitsa galasi n'kutulutsa dzanja.

"Kunja kuli bwanji lero, mama?"

Mwana anawerama n'kusuzumira m'mwamba pagalasi lakutsogolo. Anasanja kaye mawu.

"Thambo labiriwira, adadi."

"Kubiriwira kwake kuti?"

"Kwa kwanu kuja."

"Kwathu," anatero. "Nena kuti kwathu."

"Kwathu," anatero mwana.

Ine ndinaphonya giya, galimoto n'kukukuta mano pakati pa msewu, ndipo palibe amene anandidzudzula.